/tmp yanga yalowa mu RAM: ndiibwezere pa disiki kapena ndiisiye?

Mlembi_wa_manambala analemba:

Anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi laputopu yokalamba ndithu, ya RAM ya 8 GB ndi SSD ya Samsung 860 EVO ya 500 GB imene ndinaikamo ndekha. Kwa nthawi yaitali yakhala ikuyenda pa Linux ya Debian 12 osandivutitsa. Mwezi watha ndinaikweza kupita pa Debian 13. Zolemba zofotokoza zimene zasintha sindinawerenge, ndivomereze, ndinangoti zonse zikhala monga kale. Safunsa anadya phula, ndipo phula langalo ndalidya Lachiwiri lapitali.

Ntchito yanga ndi yokonza manambala. Amanditumizira mafayilo a CSV, ine ndimawaphatikiza, kuwasanja, kuchotsa mizere yobwerezeka, n'kuwabweza. Lachiwirilo ndinali ndi fayilo imodzi ya pafupifupi 6 GB. Ndinalemba lamulo lomwe zala zanga zinalowera kalekale:

sort -u zonse.csv > zosanja.csv

Ndinadzuka kukamwa madzi. Pobwera ndinapeza fani ikulira, kompyuta yalemera, mausi ikuchita kudumphadumpha. Ndikadina tabu ina mu Firefox ndimadikira mpaka kuiwala chimene ndimafuna. Kenako sort inafa, n'kundisiyira mawu akuti "write failed", dzina la kafayilo kena ka mu /tmp (foda imene mapulogalamu amasungamo mafayilo osakhalitsa), ndi "No space left on device".

Poyamba ndinaseka, chifukwa disiki yanga ili ndi malo opanda kanthu opitirira 200 GB. Malo atha bwanji? Nditalemba df -h m'pamene ndinangoti kakasi. Mzere wa /tmp sunalinso pa disiki. Palembedwa tmpfs, kukula kwake 3.8G. Ndiye kuti mafayilo osakhalitsa onse tsopano akukhala mu RAM, ndipo sort imafuna kuthira zidutswa za fayilo ya 6 GB m'malo a 3.8 GB.

Mnzanga wina amene timagwira naye ntchito akuti ndisakhudze chilichonse. Akuti RAM imathamanga kuposa disiki iliyonse, komanso SSD yanga ikhalitsa chifukwa sizilembedwalembedwa. Ine zikundivuta kumvetsa. RAM ndiye chinthu chosowa pa makina anga, disiki ndili nayo yambiri. Ndiperekerenji chosowacho pofuna kusunga chimene ndili nacho chochuluka?

Ndiye funso ndi ili: ndibwezere /tmp pa disiki, kapena pali phindu lenileni limene sindikuliona? Ndipo theka la RAM yanga latengedwa ndithu, kapena bwanji?

Gogo_wa_Unix anayankha:

A Mlembi, musathamangire kugwetsa. Tiyambe ndi funso lanu lomalizalo. 3.8G mwaionayo si RAM yotengedwa ayi, ndi malire chabe. tmpfs ikapanda kuuzidwa kukula kwake imalolezedwa kufika theka la RAM, koma imadya pokhapokha mwaikamo kanthu. Mwaika fayilo ya 10 MB, yadya 10 MB. Mwaifufuta, RAM yabwerera nthawi yomweyo. Lembani free -h muyang'ane pansi pa mawu akuti shared, zimene zili mu tmpfs zimawerengedwa pamenepo. Tsiku wamba mupeza kanambala kakang'ono.

Komanso si chinthu chachilendo monga chikuonekera. Ine ndinazolowera /tmp ya mu memori pa Solaris, mtundu wina wa Unix, kale ndithu. Linux ili ndi tmpfs kuyambira pa kernel 2.4 ya mu 2001 (kernel ndiye mtima wa Linux, woyang'anira RAM ndi disiki). Linux ya Fedora inasamutsira /tmp kumeneko pa Fedora 18 mu 2013, ndipo a Arch Linux akhala choncho kwa zaka zambiri. Ngakhale pa Debian 12 yanu ija, /run ndi /dev/shm zinali kale tmpfs, inu osadziwa. Debian 13, imene inatuluka mu Ogasiti 2025, yangobweretsa /tmp pa mzere womwewo.

Tsopano za mnzanuyo. Akunena zoona, koma theka lake. N'zoona kuti RAM imathamanga kuposa SSD. Chimene akuiwala n'chakuti ngakhale /tmp ili pa disiki, fayilo mukailemba siipita pa disiki nthawi yomweyo. Imayamba yakhala mu RAM, m'malo amene kernel imasungiramo masamba a mafayilo, otchedwa page cache. Kernel imadzuka pa masekondi 5 aliwonse kuyang'ana zimene zadikira, ndipo imalemba pa disiki zimene zakhala pafupifupi masekondi 30. Mutha kudzionera nokha: cat /proc/sys/vm/dirty_expire_centisecs ikupatsani 3000. Ndiye ganizirani kafayilo kamene compiler, pulogalamu yosandutsa code kukhala pulogalamu, yapanga n'kukafufuta patangopita masekondi awiri. Pa ext4, kasungidwe ka mafayilo kofala pa disiki za Linux, zam'kati mwa kafayilo kotere nthawi zambiri sizifika n'komwe pa disiki. Kamabadwira mu RAM, n'kufera mu RAM. Kwa timafayilo totere, tmpfs ndi disiki zimasiyana pang'ono kwambiri.

Kusiyana kwenikweni kumaoneka RAM ikayamba kuchepa. Fayilo ya pa disiki ikalembedwa, kernel ili ndi ufulu wotaya kope la mu RAM, chifukwa ikalifuna ikalitenganso pa disiki. Fayilo ya mu tmpfs ilibe kwawo kwina. Kernel singaitaye, ingangoikankhira ku swap, malo a pa disiki osungirako zimene zasefukira mu RAM. N'zimene zinakuchitikirani: sort yatenga RAM yake yogwirira ntchito, zidutswa zake zadzaza pafupifupi 4 GB mu /tmp, Firefox nayo ikufuna yake, ndiye kernel inayamba kututa masamba kupita nawo ku swap n'kumawabwezanso. Kulemera kuja kunali kumeneko.

Koma vuto silinali tmpfs. sort inapangidwa kuti fayilo ikakula kuposa memori izigawa zidutswa n'kuzisunga pa disiki. Inu, mosadziwa, munaipatsa RAM ngati disiki. Iuzeni kolemba:

sort -u -T /var/tmp zonse.csv > zosanja.csv

/var/tmp ili pa disiki ndipo siifufutidwa poyatsanso kompyuta. Mgwirizano wakale wa kasanjidwe ka mafoda, FHS, umanena kuti za mu /var/tmp zipulumuke kompyuta ikazimitsidwa, pomwe za mu /tmp palibe akulonjeza. Opanga systemd, pulogalamu yoyatsa ndi kuyang'anira ntchito za mu Debian, amawonjezera kuti zazikuluzikulu zizipita ku /var/tmp. Ngati simukufuna kumakumbukira -T, ikani export TMPDIR=/var/tmp pamwamba pa script yanu. Mapulogalamu ambiri amamvera TMPDIR, ngakhale si onse.

KaPi_kakangono anayankha:

Agogo, ndakumvani, koma pamene mwati kusiyana n'kochepa mundilole nditsutseko pang'ono. Kwa timafayilo tofa msanga, eya. Nanga fayilo imene siifa koma imalembedwanso ndi kulembedwanso?

Ine ndili ndi Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono yoyendera SD khadi, imene imawerenga kutentha kuchokera pa kachipangizo kena pa masekondi 10 aliwonse, n'kujambula girafu yatsopano pa fayilo imodzimodziyo mu /tmp, kuti tsamba la pa intaneti liziionetsa. Fayilo imeneyo imakhala masiku ndi masiku. Masekondi 30 aja akakwana, kernel imailemba pa SD khadi. Ikasinthanso, imailembanso. Usana ndi usiku. Makhadi awiri anandifera, lachiwirilo linangosanduka lowerenga kokha, kulemba osalola. Sindinganene kuti girafu yokhayo ndiyo inawapha, pakuti ma log nawo ankalemba, koma nditaika mzere uwu mu /etc/fstab (fayilo youza kompyuta malo osungira oti ilumikize poyaka) ndi kuchepetsa ma log, khadi lachitatu lilipobe mpaka lero:

tmpfs /tmp tmpfs size=64M,mode=1777,nosuid,nodev 0 0

Onani kuti ndinaika 64M, osati theka la RAM. Ndikudziwa chimene chimalowa m'menemo, ndiye ndinapereka malo okwana chimenecho basi.

Chinanso chimene simunatchule ndi fsync. Pulogalamu ikaitana fsync imakhala ikuuza kernel kuti usandibwezere yankho mpaka zimenezi zitafikadi pa disiki. Pamenepo page cache siithandiza, muyenera kudikira disiki. Pa tmpfs fsync imabwerera nthawi yomweyo chifukwa kulibe kolemba. Yesani mayeso a pulogalamu amene amapanga database ya SQLite n'kulembamo kambirimbiri, poyamba pa disiki kenako pa tmpfs. Simufunanso wotchi kuti muone kusiyana.

Komabe a Mlembi, SSD yanu si SD khadi. Nkhani yoti ikutha musaiope. 860 EVO ya 500 GB opanga anailonjeza kulemba 300 TB. Mutamalemba 20 GB tsiku lililonse, amenewo ndi masiku 15,000, zaka zopitirira 40. Laputopuyo idzakhala itapita kalekale. Ngati mukufuna kudziwa pamene mwafika, lembani sudo smartctl -A /dev/sda, mupeze mzere wa Total_LBAs_Written, muchulukitse nambalayo ndi 512. Zotsatirazo ndi mabayiti onse amene analembedwapo chiigulireni.

Wokayika_nthawi_zonse anayankha:

Ine ndinena mosazungulira: pa makina a 8 GB ochitira ntchito ngati yanuyo, ndikanabwezera pa disiki lero lomwe. Lamulo lake ndi limodzi:

sudo systemctl mask tmp.mount

kenako muyatsenso. Mukadzasintha maganizo, unmask.

Agogo akuti muziuza sort kolemba. Chabwino, sort mwaiuza. Mawa ndi pulogalamu ina. Mwadina kawiri fayilo yaikulu ya zip kuti mungosuzumira m'kati, pulogalamu yomasulira yathira zonse mu /tmp. Mwalemba pip install ya chinthu chachikulu, yayamba kumasulira mu /tmp. Mudzakhala mukusaka mmodzimmodzi mpaka liti? Ndipo alipo mapulogalamu amene /tmp anailemba m'kati mwenimweni mwa code, TMPDIR saidziwa n'komwe.

Ndikuuzeni zimene zinandionekera. Ndinali ndi seva yaing'ono ya RAM ya 4 GB, yopanda swap, imene inkalandira zithunzi n'kuzichepetsa. /tmp ndinaiika pa tmpfs ndi manja angawa, nditamva kuti imathamanga. Pulogalamu yochepetsa zithunziyo ikagwa pakati pa ntchito inkasiya nyenyeswa zake mu /tmp, osasesa. Pang'ono ndi pang'ono zinaunjikana mpaka kuyandikira 2 GB. Usiku wina RAM inatha, kernel inatulutsa OOM killer. Tsono taonani chimene chimapweteka. OOM killer imapha pulogalamu kuti ipeze RAM, koma mafayilo a mu tmpfs si a pulogalamu iliyonse. Inapha database, imene inali yosalakwa. RAM yambiri inali idakali yogwidwa ndi nyenyeswa zija. Database itadzukanso, inaiphanso. Ine m'mawa ndikuyang'ana top, palibe pulogalamu ikuoneka kuti yadya memori, koma memori kulibe. Ndinakanda mutu kwa ola lathunthu ndisanaganize zolemba df. Zikanakhala pa disiki, 2 GB ya nyenyeswa palibe akanaizindikira.

Cholakwa chinali changa, sindikukana. Ndinasiya theka la RAM lotsegula pa makina opanda swap. Koma n'chifukwa chake ndimati disiki imakhululuka, RAM siikhululuka.

Zina ziwiri, mwachidule. Choyamba, nthawi zina df imanena kuti /tmp yadzaza pomwe ls ikuonetsa kuti mulibe kanthu. Imeneyo imakhala fayilo yofufutidwa imene pulogalamu ina ikadaigwirabe, ndipo malo sabwerera mpaka pulogalamuyo itaitseka. lsof +L1 imakuonetsani wogwirayo. Pa disiki zimachitikanso, koma pa tmpfs imene yagwidwayo ndi RAM yanu.

Chachiwiri, ena amaganiza kuti akaika zachinsinsi mu tmpfs ndiye kuti sizikhudza disiki. Ayi. Zikhoza kupita ku swap, ndipo swap yanu ikakhala pa disiki yosabisidwa ndi encryption, zachinsinsizo zalembedwa pamenepo. Mukagoneka laputopu ndi hibernate, za mu RAM zimapitanso ku swap. Kuyambira pa kernel 6.4 pali noswap yoletsa tmpfs kupita ku swap, koma pa 8 GB mukaika imeneyo ndiye mwadzimangirira nokha. Ilinso ramfs, imene siipita ku swap komanso ilibe malire alionse. Imeneyo musaiyandikire n'komwe pa /tmp.

Ndipo popeza mwachita kukweza osati kuika mwatsopano, pali kanthu koti muone. tmpfs inangokhala pamwamba pa foda yakale ya /tmp ngati chivundikiro. Zimene zinali m'menemo tsiku lokwezalo zikhoza kukhala zidakalipo pansi, zikudya malo, inu osaziona. Lembani sudo mount --bind / /mnt, kenako muyang'ane mu /mnt/tmp. Mukamaliza, sudo umount /mnt.

Mlembi_wa_manambala analembanso:

Zikomo nonse atatu, ndakhala madzulo onse ndikuyesa zimene mwanena.

Agogo, -T /var/tmp yagwira. Fayilo ya 6 GB ija yasanjika mpaka kumapeto, ine ndikuwerenga makalata mu Firefox, kompyuta osalemera. Ndinatsegula windo lina n'kumayang'ana timafayilo ta sort tikubadwa mu /var/tmp, kenako tikuphatikizidwa n'kuzimiririka. Zaka zonsezi ndakhala ndikugwiritsa ntchito lamulo limeneli osadziwa kuti kuseri limachita zotere. Ndayang'ananso free -h monga munanenera, pansi pa shared panali ma MB mazana angapo basi, ndipo mu /tmp mwenimwenimo munali zosakwana 5 MB. Ndiye mantha anga oti theka la RAM landithawa anali achabe.

A KaPi, smartctl yandipatsa nambala yaitali, nditachulukitsa ndi 512 yatuluka pafupifupi 19 TB, pa zaka zisanu ndi chimodzi. Pa 300 TB paja sindinafike ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi. Mnzanga uja ndamutumizira chithunzi chake, sanayankhebe.

A Wokayika, pansi pa chivundikiro panalidi zinthu. Ndapezamo foda ya 1.2 GB, zip ina imene ndinamasula tsiku lomwe ndinkakweza. Ndaifufuta.

Koma mask sindinachite, ndipo ndifotokoze chifukwa chake. Nditaganiza bwino, zazikulu zimene ndimalemba ndi za mtundu umodzi, zonse zimadutsa mu ma script anga atatu. Ndaika TMPDIR pamwamba pa onse atatu, ku foda imene ndapanga pa disiki. Zotsalazo ndi tinthu ting'onoting'ono. Chimene ndatengapo pa nkhani ya seva yanu ija ndi malire. Theka la RAM n'lambiri kwa ine. Lachiwiri lija chimene chinandipweteka kwambiri si kufa kwa sort, koma mphindi zonse zija kompyuta ili chilemerere isanafe. Malire akanakhala aang'ono, sort ikanafa msanga, RAM isanathe, ine n'kudziwa vuto nthawi yomweyo. Ndiye ndayesa sudo mount -o remount,size=1G /tmp, ndipo yasintha pompopompo osayatsanso, mafayilo a m'katimo osakhudzidwa. Ndayesera dala sort ija popanda -T: yafa mwachangu, mausi ikuyendabe bwinobwino.

Funso latsala ndi lakuti, 1G imeneyi ndiikhazikitse pati kuti isabwerere ku 3.8G ndikayatsanso? Ndipo ndawerenga penapake kuti tsopano mafayilo a mu /var/tmp nawonso amafufutidwa okha. Zoona? Chifukwa ine ndili ndi chizolowezi choipa chosiya ntchito ya theka m'mafoda otere.

Gogo_wa_Unix anayankhanso:

Njira zilipo ziwiri. Yapafupi ndi mzere wa mu /etc/fstab ngati wa a KaPi uja, mungosintha 64M kukhala 1G. systemd ikapeza /tmp mu fstab imatsatira zimenezo. Inayo ndi sudo systemctl edit tmp.mount, n'kulembamo mizere iwiri:

[Mount]
Options=mode=1777,strictatime,nosuid,nodev,size=1G,nr_inodes=1m

Lembani Options yonse, osati size yokha, chifukwa mzere wanuwo umalowa m'malo mwa wakalewo wonse. mode=1777 ndiyo imalola aliyense kulemba mu /tmp koma osafufuta za mnzake, choncho isasowe. Sankhani njira imodzi, musachite zonse ziwiri, mungadzasokonezeke nokha chaka chamawa.

A Wokayika sanalakwe kuti tsiku lina pulogalamu ina idzagunda 1G imeneyo. Likadzafika tsikulo, remount ija mwaiphunzira kale, mudzakweze kwa ola limodzi n'kutsitsanso. Zikamachitika mlungu uliwonse, pamenepo mverani iwowo, chitani mask.

Za kufufuta, zoona, koma mvetsani bwino. Pa Debian 13 yoikidwa mwatsopano, mafayilo a mu /tmp amene sanakhudzidwe kwa masiku 10 amachotsedwa, a mu /var/tmp masiku 30. Wosesayo ndi systemd-tmpfiles-clean.timer, amadzuka patapita mphindi 15 kompyuta itayaka, kenako kamodzi patsiku. Makina ochita kukwezedwa ngati anuwo amasiyiridwa fayilo ya /etc/tmpfiles.d/tmp.conf yosunga khalidwe lakale. Tsegulani muone ngati ilipo. Ngati ilipo, /var/tmp yanu siisesedwa mpaka mutaichotsa fayiloyo nokha. Za kutha kwa /tmp poyatsanso, zimenezo si zatsopano, Debian inkaisesa poyaka ngakhale ili pa disiki.

Mwati TMPDIR mwailozetsa ku foda yanuyanu. Kumeneko wosesa safikako. sort imadzisesera ikamaliza bwino, ngakhale mukaiimitsa ndi Ctrl+C, koma magetsi akathima pakati pa ntchito kapena ikaphedwa ndi kill -9, zidutswa zake zimatsala, ma GB angapo nthawi imodzi. Muziisuzumira fodayo ndi du -sh kamodzi pamwezi.

Mlembi_wa_manambala analembanso:

tmp.conf ilipo, ndaiona. Ndaisiya momwemo kaye mpaka nditasamutsa ntchito zanga za theka zimene zili mu /var/tmp, zilimo zisanu ndi ziwiri, ina ya chaka chatha. Mzere wa 1G ndauika mu fstab, ndayatsanso, df ikuonetsa 1.0G.